Kusindikiza timabuku ta nthabwala ta ana: papelariya ina ya pa Ulongue ikugwira bwanji ntchitoyi

Kuyambira 2023 kalasi 7 kuno ku Mozambique ili ku sekondale, choncho ana a zaka 12 ndi 13 akupezeka pakati pa akuluakulu adakali anthete. Nkhani zoseketsa sizitha kumeneko. Pali mnyamata wovala yunifolomu ya mkulu wake, manja a malaya akulendewera. Pali mtsikana amene wapeza anzake asanu mwadzidzidzi chifukwa wanyamula kachewere wokazinga. Ana aluso amajambula zimenezi m'makope, ndipo aphunzitsi ndi makolo ena amafuna kuti zojambulazo zikhale kabuku kenikeni kobwerekana. Papelariya (sitolo ya mapepala ndi fotokope) ina pafupi ndi msika wa pa Ulongue imalandira ntchito yotereyi, ndipo ndi yoyenera kupitako, bola mupite mutakonzeka.

Pamene amandisangalatsa kwambiri ndi pa kasanjidwe ka masamba. Kabuku ka masamba 16 kamafuna mapepala anayi a A4, opindidwa pakati. Ambiri ochita fotokope amangoika tsamba 1 pambali pa tsamba 2, mukapinda nkhani n'kusokonekera. Apa amadziwa kuti pepala loyamba limanyamula 16 ndi 1 kunja, 2 ndi 15 mkati, lachiwiri 14 ndi 3, kenako 4 ndi 13. Mukafuna kutsimikiza nokha, phatikizani manambala awiri oyandikanawo, pa kabuku ka masamba 16 nthawi zonse azikwana 17. Masamba anu akhale 8, 12, 16 kapena 20, chifukwa pepala lililonse limapereka masamba anayi. Mukabweretsa 14, awiri adzatsala oyera.

Alinso ndi sitepula ya mkono wautali. Mpindo wa A4 uli pa masentimita pafupifupi 15 kuchokera m'mphepete, ndipo sitepula wamba sifikapo. Amamenya mawaya awiri pamsana penipeni, nsonga zikupindikira mkati, kotero kabuku kamatseguka bwino ndipo sikalasa zala. Chikuto muwauze aike pepala lolimba la magalamu 160. La 80, lomwe ndi pepala wamba la fotokope, silipirira m'chikwama cha mwana.

Koma makina awo sagwirizana ndi pensulo. Mizere ya HB imatuluka yotuwa, nkhope imene imayenera kuseketsa n'kungooneka ngati chifunga cha mu Julaye. Akakweza mdima kuti ioneke, zofufutafufuta zonse zimatulukira. Mwana abwereze chojambula chake ndi cholembera chakuda cha nsonga ya mamilimita 0.5, adikire inki iume, kenako afufute pensulo. Cholembera cha buluu chimatuluka chofooka. Makrayoni asiyeni: chofiira chimada bii, chachikasu chimasowa. Mthunzi aupange ndi timizere topingasana, osati kupaka ndi chala.

Cholakwa chawo chenicheni n'chakuti sachenjeza za kuchepetsa. Tsamba lojambulidwa pa A4 likamalowa pa theka la pepala limatsika kufika pa 71 peresenti. Chilembo cha mamilimita 4 chimatsala osakwana 3, ndipo mawu otuluka m'kamwa mwa anthu a m'nkhani sawerengeka. Nthabwala ikafuna kutong'olera maso ndiye kuti yafa. Mwana alembe zilembo zazikulu za mamilimita 6, ayambe walemba mawu kenako n'kuzungulizira mzere, ndipo asiye sentimita imodzi m'mphepete monse, poti makina safika kumapeto kwa pepala.

Musalole kuti akutaipireni mawu a Chichewa pa kompyuta yawo. Inaikidwa m'Chipwitikizi ndipo imatha kusintha mawu yokha. Komanso dzanja la mwana ndi gawo la kukoma kwa nkhani. Chilembo chokhota cha mnyamata amene akunjenjemera pamaso pa aphunzitsi chimaseketsa pachokha.

Nthawi ya dzinja mapepala amayamwa chinyontho, amapindika ndi kutentha kwa makina, n'kukodwa akamasindikiza mbali yachiwiri. Pemphani atsegule resma (paketi ya mapepala) yatsopano, osagwiritsa ntchito mapepala amene agona m'makina. Mtengo amawerengera mbali iliyonse ya pepala, ndiye kabuku ka masamba 16 ndi mbali zisanu ndi zitatu, n'kuwonjezerapo mtengo wa chikuto ngati chili chapadera. Ayambe atulutsa kamodzi, mukapinde, mukawerenge kuyambira tsamba 1 mpaka 16 muli pomwepo, kenako muwauze apitirize ndi enawo.