Tepi ya phula yomatira malata: imagwira, koma musamvere za pa kauntala

Ndaipatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Ziwirizo ndachotsa chifukwa cha ogulitsa.

Ndi mipukutu ija ya mamita 10, mulifupi masentimita 10, yasiliva pamwamba phula pansi, imene mumaiona m'mahadiweya a pa Kamuzu Road ku Salima. Mtengo wake si ndalama yoti munthu ataye. Mipukutu inayi inagulidwira nyumba ya malata a geji 30 cha ku Senga Bay, denga la zaka zoposa khumi, lodontha pa riji (pamsonga pa denga) ndi m'misomali.

Mnyamata wa pa kauntala ananenetsa kuti imagwira paliponse, pa dzimbiri, pa fumbi, ngakhale lata litanyowa, ndipo kugula pulaima, ija yoyamba kupaka pa lata tepi isanamatidwe, n'kungowononga ndalama. Limeneli ndi bodza, ndipo lagwetsa siling'i. Tepi inamatidwa motsatira mawu akewo kumapeto kwa Novembala. Mvula yoyamba yamkuntho, ija imabwera ndi mpoto, inaikanganula pa riji pafupifupi mamita atatu. Poitembenuza, phula lonse linali lofiira: linagwira dzimbiri, osati lata, ndiye dzimbiri litasuka tepi inapita nalo. Choipitsitsa chinachitika pamene inangotukuka mbali ya kumtunda yokha. Pamenepo inasanduka kathumba. Madzi ankalowa, n'kusowa potulukira, n'kumatsikira m'bowo la msomali molunjika pa thabwa. Denga limene linkangodontha pang'onopang'ono linayamba kuchucha. Mabodi awiri a siling'i anafufuma n'kugwa, ndipo thabwa limodzi lada bii ndi chuku.

Titabwerera kusitoloko, mnyamata uja anakana kwamtuwagalu kuti sananene zimenezo. Abwana ake anangoloza chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Palibe ankafuna kubweza kanthu. Nkhani inali yakuti asiye kunamiza anthu, pakuti pomwepo panali mayi ena atanyamula mipukutu iwiri, atauzidwa zomwezo. Zimenezi zimawawa, chifukwa amene amagula tepi ndi munthu amene alibe ya malata atsopano.

Komabe tepiyo ndisaiipitse. Yotsalayo itamatidwa moyenera yadutsa Januwale ndi Febuluwale osasuntha, ngakhale m'mphepete simunatukuke. Chinsinsi chake chili pa kukonza lata. Palani ndi bulashi ya waya kenako sandipepa mpaka dzimbiri lonse lotukuka lichoke, pukutani ndi kansalu koviika mu thina, pakani pulaima ya phula mopyapyala, dikirani iume mpaka isamamatire chala. Nthawi nayo ndi yofunika. M'mamawa malata amakhala ndi mame, masana dzuwa la kuno kunyanja limasungunula phula, tepi n'kumatamuka pokoka. Cha m'ma 9 kapena 10 koloko ndiye bwino. Yambirani kumunsi kukwera, kuti chidutswa cha kumtunda chizifunda cha kumunsi ndi masentimita 5, ndipo tepi ipitirire mng'alu ndi masentimita 3 kapena 4 mbali zonse. Musaikoke ngati chingwe kudumpha mizere ya lata. Itsike m'ngalande iliyonse, muikanikize ndi chogwirira cha hamala mpaka mpweya wonse utuluke. N'chifukwa chake mpukutu wa mamita 10 sufika mamita 10 a riji, muziwerengera zimenezo pogula.

Pali malo amene tepi singathandize, ndipo ogulitsa sanena. Msomali ukamasuka, kuufunditsa tepi n'kubisa matenda, pakuti lata limagwedezekabe ndi mphepo ndipo mutu wa msomali umaboola tepiyo. Uzuleni, ikani sikuluwu yokulirapo yokhala ndi washala wa rabala, pamsana pa mzere osati m'ngalande mmene mumayenda madzi. Mangani mpaka washala angokhala pansi, mukapyola amaphwanyika. Bowo lolowa chala chachikulu likufuna chigamba cha lata ndi mariveti, tepi ibwere pamwamba pake. Ngati malata anafundana pang'ono, osafika masentimita 15 kumapeto kapena mzere umodzi ndi theka m'mbali, mvula ya mphepo imakwera chobwerera n'kulowa, makamaka pa denga losatsetsereka kwenikweni. Pamenepo vuto ndi kakhomedwe, likufuna mmisiri.

China chimene sitolo yomweyo imasokoneza nacho anthu ndi silikoni. Ija yonunkha ngati viniga imadya zinki ya lata, pakapita nthawi pomwe munamatapo ndi pomwe dzimbiri limayambira. Funsani yolembedwa kuti neutral cure, ndipo werengani nokha pa chubu.

Pokwera pondani pamzere wa misomali pomwe pansi pali thabwa, chifukwa geji 30 sichedwa kubonyoka, ndipo pobonyoka pamakhala madzi. Mukamaliza sesani tizitsulo totsala pobowola, tikagona pa lata timasiya madontho a dzimbiri mvula ikangogwa. Masamba a mango m'vale (ngalande ya pokumana madenga awiri) ndi m'magata muchotse mvula isanayambe.

Tepi yomweyo ndidzagulanso, pamodzi ndi pulaima yake, koma kusitolo ina.