Zithunzi zake n'zakuthwa, koma fumbi lalowa ndipo wogulitsa wazemba

Kamera ya m'thumba ya Ricoh GR III ndaipatsa nyenyezi zitatu. Zikanakhala zinayi kapena kuposa pakanapanda kadontho kamodzi ka fumbi ndi mayankhidwe a amene anandigulitsa. Mtengo wake ndi wokwera. Ndalama zimenezo zimagula kamera yaikulu yosintha malenzi pamodzi ndi lenzi yake, ndiye munthu akasankha kakamera kolowa m'thumba ndiye kuti akulipirira kuchepako, ndipo amayembekezera kuti chinthu chopangidwira m'thumba chikhala chotsekeka bwino.

Si mmene ilili. Patatha miyezi isanu, kumtunda chakumanzere kwa chithunzi chilichonse chokhala ndi thambo kunayamba kuoneka kadontho kotuwa. Kaonekedwe kake kamadalira aperture, kabowo kolowetsa kuwala m'lenzi, kamene kamachepa nambala ya f ikamakwera: pa f/2.8 ndi f/4 kadonthoko sikaoneka n'komwe. Pa f/8 kamatulukira ngati kamthunzi, pa f/11 kamaoneka ndi m'mphepete mwake momwe, ndipo pa f/16 ngakhale mwana akhoza kukaloza. Chifukwa chake n'chakuti fumbi limakhala pa kagalasi kopyapyala kamene kali kutsogolo kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala n'kupanga chithunzi. Aperture ikatseguka kwambiri, kuwala kumafika kuchokera mbali zambiri n'kulambalala kafumbiko. Ikachepa, kuwala kumabwera mowongoka ndipo mthunzi wa kafumbi umagwera pa sensa uli wakuda bwinobwino.

Amene mukufuna kuyesa yanu, chitani chonchi. Ikani kamera pa Av (pomwe mumasankha nokha aperture), aperture pa f/16, ISO (mphamvu ya sensa yomvera kuwala) pa 100, fokasi muiike kutali kwambiri, kenako muime pafupi ndi khoma loyera kapena pepala loyera n'kujambula mukusuntha kamera pang'onopang'ono. Kusunthako kumafufuta zonse za pakhomapo, ndiye chilichonse chotsala chooneka bwino chili mkati mwa kamera. Jambulani katatu m'malo osiyana. Kadontho kakakhala pamalo amodzimodzi pa zithunzi zonse zitatu, musavutike kupukuta lenzi kunja, vuto lili mkati.

Nanga limalowa bwanji lenzi siichoka? Funso limeneli ndi lomwe linandigwetsa m'mbuna. Lenzi ya kamera iyi imatuluka mukaiyatsa, n'kubwerera mkati mukaizimitsa. Ikamatuluka imakoka mpweya ngati pampu, ndipo m'mphepete mwake mulibe labala wotchinga fumbi kapena madzi. Timaulusi ta m'thumba la thalauza timamatirira pa mpopi wa lenziwo, mukazimitsa timalowa nawo mkati. Muziyatsa ndi kuzimitsa kambirimbiri pa tsiku, monga momwe kamera yotere imagwiritsidwira ntchito, tsiku lina kanthu kafika pa sensa basi. Kamerayi ili ndi njira yake yogwedeza kagalasi kaja kuti fumbi ligwe, ndipo pa fumbi louma imathandizadi. Langali ndi lomata. Ndagwedeza mpaka kutopa, lili pomwepo. Pa kamera yosintha malenzi ndi ntchito ya mphindi zisanu: kuchotsa lenzi, kupopera mpweya, kupukuta ndi kotsukira sensa. Pa iyi amisiri ayenera kumasula kamera yonse.

Tsono wogulitsa. Tsiku logula anandiuza ndi pakamwa pake kuti ubwino wa kamera ya lenzi yosachoka ndi woti fumbi lilibe polowera. Nditabwerera waranti isanathe, anayamba ndi kunena kuti ndi lenzi yakuda chabe, n'kuipukuta ndi kansalu ine ndikuona. Ndinamusonyeza zithunzi zitatu za pa f/16. Anati nditumize pa imelo. Patapita masabata awiri yankho linali mzere umodzi: fumbi si vuto la kufakitale, limabwera chifukwa cha kagwiritsidwe ntchito, ndipo ndikafuna kuti alichotse ndilipire ndekha komanso ndidikire kwa nthawi imene sanafune kuitchula. Mawu aja akuti fumbi ndiwe mwini sindinkadziwa kuti amagwira ntchito ndi pa makamera pomwe. Kukana kulipirako ndikanakumvetsa, chifukwa mwina waranti yalembedwadi choncho. Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti munthu yemweyo amene anagulitsa ndi bodza anayankha ngati sanandionepo, ndipo mawu opepesa sanatuluke ngakhale amodzi.

Ndinakhala pansi kuti ndilembe ndemanga ya nyenyezi imodzi. Nditatsegula zithunzi za miyezi isanuyo kuti ndisankhe zosonyeza kadonthoko, mtima unayamba kutsika, chifukwa lenzi iyi ndi yabwino zedi. Ndi ya 18.3mm, yomwe pa sensa yake ya saizi ya APS-C imaona motakata ngati 28mm, ndipo ndi yakuthwa kuyambira pa f/2.8 pomwe. M'makona mumafewa pang'ono pa f/2.8, kufika pa f/4 kapena f/5.6 mwawongoka. Popeza lenzi ndi sensa anazipangira limodzi, ndipo kutsogolo kwa sensa kulibe filter ija yofewetsa chithunzi, ma megapixel 24 amagwira ntchito onse: ulusi wa nsalu, zolemba zing'onozing'ono za patali, masamba a mtengo, zonse zimatuluka zosiyanitsika. Sensayo ndi ya 23.5mm ndi 15.6mm, yaikulu kuposa ya m'foni iliyonse, ndipo kusiyanako kumaoneka mukawalitsa mithunzi mu RAW, fayilo ya chithunzi yosakonzedwa ndi kamera. Pa ISO 3200 zithunzi n'zogwiritsika ntchito popanda nkhawa. Pa 6400 timadontho timachuluka, koma pa zithunzi zopanda mitundu timakhala ngati tokongoletsa. Mafayilo ake a RAW ndi a DNG, amatseguka m'mapulogalamu ambiri popanda kudikira kuti awonjezere dzina la kamera.

Kulemera kwake ndi magalamu 257 batire ndi memory card zili momwemo, ndipo imayaka sekondi isanakwane. Shutter yake, kachitseko kotseguka kwa kanthawi pojambula, ili mkati mwa lenzi, imangoti tiki, munthu wokhala pafupi samva. Shutter yotereyi ili ndi malire amene ogulitsa satchula: pa f/2.8 imathera pa 1/2500 ya sekondi, ndipo 1/4000 imafikika pokhapokha mutachepetsa aperture. Padzuwa la masana chithunzi chikhoza kuyera mopitirira, choncho ikani ND filter ya mkati pa auto, imachepetsa kuwala ndi masitopu awiri, kutanthauza kanayi. Sensa imasuntha yokha kuti ithetse kunjenjemera kwa manja, moti chinthu chosayenda mutha kuchijambula pa 1/8 chikutuluka bwino, bola mugwire ndi manja awiri. Munthu woyenda ayi, ameneyo amafunabe 1/250 kupita m'mwamba.

Chimene ndimaikondera koposa ndi snap focus. Mumasankha mtunda pasadakhale, kaya mita imodzi, 1.5, 2, 2.5, 5 kapena kutali kotheratu, ndipo mukadina batani kamodzi mpaka pansi kamera sifufuzanso fokasi, imangojambula. Mukaika pa mamita 2 ndi f/8, chilichonse kuyambira pafupifupi mita imodzi mpaka kutali kwambiri chimatuluka chakuthwa. Onjezani ISO ya auto ndi shutter yosatsika pansi pa 1/250, ndiye kuti mwamaliza, chatsala ndi maso anu ndi chala. Koma taonani pamene pali chipongwe: f/8 yomweyo, imene kamera iyi imakomera, ndi pamene kafumbi kamayambira kuoneka. Ndiye vutoli si la pambali monga wogulitsa ankafunira kuti ndikhulupirire. Limagwera pakati penipeni pa ntchito imene munthu amaigulira.

Snap focus imabisanso kufooka kwa autofocus. Masana ili bwino. Kukada, kapena mukaloza pa khoma losalala, lenzi imapita kutsogolo n'kubwerera, nthawi zina kawiri, ndipo chimene mumafuna kujambula chimakhala chadutsa. Kutsata mwana wothamanga sikuyenda. Macro yake, yojambulira zinthu zapafupi kwambiri, imafika masentimita 6 ndipo ndi yakuthwa, kungoti muzikumbukira kuichotsa, apo ayi chithunzi chotsatira chituluka chosaoneka.

Batire ndi lofooka, palibe zolikometsera. Amalemba zithunzi pafupifupi 200, ndipo mukamakonda kuyang'ana zomwe mwajambula simufika pamenepo. Gulani ena awiri tsiku lomwelo, ndi tchaja yoikamo batire, chifukwa m'bokosi mulibe. Kutchaja kudzera pa USB-C kumatheka ngakhale ndi power bank, koma kumatanthauza kuti kamera ikhale pa waya. Ikagwira ntchito nthawi yaitali osazimitsa imafunda chakogwirira, ndipo poyamba zimadetsa nkhawa. Sikirini siipendekeka ndipo padzuwa lowala imavuta kuona. Mukhoza kuwonjezera kuwala kwake, batire n'kutha msanga kuposa kale. Viewfinder, kagalasi kosuzumirapo pojambula, palibe. Yogula padera yoika pamwamba ndi galasi chabe, siionetsa pamene fokasi yagwera. Flash palibe. Vidiyo ndi 1080p yopanda poika maikolofoni, foni yanu ikhoza kuiposa. Malo a 2GB a mkati andipulumutsapo nditaiwala memory card mu kompyuta. Pulogalamu ya pafoni yokokera zithunzi imachedwa kulumikizana, moti ndinabwerera ku card reader.

Za crop ya 35mm ndi 50mm musapusitsidwe kuti ndi zoom. Ndi kudula chithunzi basi: pa 35mm mumatsala ndi ma megapixel pafupifupi 15, pa 50mm pafupifupi 7. Ya 35mm ndi yothandiza, ya 50mm ndi ya zithunzi zoika pa intaneti zokha. Ngati 28mm simunaizolowere, dziwani kuti imafuna kuyandikira, ndipo nkhope ya munthu ikakhala m'mphepete mwa chithunzi imatambasuka. Wokonda kujambula nkhope zapafupi, kumbuyo kwake kuli kosaoneka bwino, kamera iyi si yake.

Zimene ndikanachita kuyambira tsiku loyamba ndi izi. Isalowe m'thumba la chovala ili yosavala, igulireni kachikwama kotseka ndi zipi kopanda ubweya mkati. Musanazimitse, pukutani mpopi wa lenzi ndi kaburashi kofewa ngati munali pamalo afumbi. Musapopere mpweya wamphamvu m'mphepete mwa lenzi, mukungokankhira fumbi mkati. Pali adaputa yovala kutsogolo yolandira filter ya 49mm, imatchinga bwino ndithu, koma mukaivala kamera siilowanso m'thumba, ndiye mwataya chimene munalipirira. Kadontho kakalowa kale, m'pulogalamu yokonzera zithunzi kafufuteni pa chithunzi chimodzi n'kukopera ntchitoyo pa zina zonse, popeza kamakhala pamalo amodzi. Muzionanso chithunzi chilichonse, chifukwa maonekedwe ake amasintha ndi aperture, ndipo pamene kagwera pa nkhope kapena pa zolemba pulogalamu imatha kuwononga.

Yanga idakali ndi kadontho kake ndipo ndikuinyamulabe tsiku lililonse, kungoti thambo likakhala lalikulu ndimatsikira pa f/5.6. Ndidzaipereka kwa amisiri ena, osati kwa amene anandigulitsa. Inu mukagula, yesani khoma loyera pa f/16 tsiku lomwelo nthawi yobweza katundu isanathe, ndipo musunge zithunzizo ndi deti lake. Musanapereke ndalama, wogulitsa akulembereni pa lisiti ngati kuchotsa fumbi kuli mu waranti kapena ayi. Wangayo zake zonse zinali za pakamwa.