Bandi ya anthu 16 imene imayimba Lolemba ku New York

Abale kumudziko, ntchito yanga yosamalira okalamba kuno ku New York imandipatsa Lolemba kuti ndipume, ndiye mnzanga wa kuntchito anandikokera ku Village Vanguard, malo akale a jazi ku Greenwich Village. Umatsika masitepe opanikiza n'kulowa m'chipinda chapansi, cha anthu ongopitirira 100. Kutsogoloko oyimba 16 athinana, zigongono kugundana.

Amakhala mwadongosolo. Mzere woyamba ndi wa masakisofoni asanu, kumbuyo kwawo matiromboni anayi, ndipo kumapeto kwenikweni kuli malipenga anayi aphokoso aja, mathirampeti. Pambali pali piyano, besi yaikulu yoimika ndi ng'oma. Aliyense ali ndi pepala lake la nyimbo. Masakisofoni akayambitsa, malipenga amavomera, ngati wotsogolera nyimbo ndi ovomereza pa chinkhoswe. Kenaka mmodzi amadzuka, n'kusiya pepala, n'kuyimba za m'mutu mwake anzake akumuikira mang'ombe pansipansi. Pamenepo ndi pamene panandigwira mtima.

Kayimbidwe koyankhanaka anakakhwimitsa ndi akatswiri a jazi Fletcher Henderson ndi Don Redman m'zaka za m'ma 1920 mumzinda womwe uno. Duke Ellington ndi bandi yake anatchukira ku Cotton Club ku Harlem kuyambira 1927, kumene oyimba anali akuda koma odzaonera azungu. Mu 1935 Benny Goodman ndi bandi yake anautsa achinyamata ku Palomar Ballroom ku Los Angeles, ndipo swing, jazi yovinika ya mabandi aakuluwa, inasanduka gule wa dziko lonse la America.

Sizinakhalitse. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatenga oyimba ambiri kupita nawo ku usilikali. Kuyambira 1942 mpaka 1944 bungwe la oyimba linaletsa mamembala ake kujambula malekodi polimbana ndi makampani pa za malipiro, boma nalo n'kuika msonkho wokwera pa malo ovinira. Kulipira anthu 16, basi yawo ndi kogona kunasanduka mtolo. Pofika kumapeto kwa 1946 mabandi otchuka angapo anali atabalalika.

N'chifukwa chake bandi ya ku Village Vanguard ija ndi ya Lolemba. Anaiyambitsa mu 1966 ndi Thad Jones, woliza lipenga yemwe anachokera mu bandi ya Count Basie, pamodzi ndi Mel Lewis wa ng'oma. Oyimba awo ankapeza chakudya m'masitudiyo a wailesi ya kanema ndi ojambulira nyimbo, ndiye usiku wa Lolemba ndi umene anali ndi mpata. Jones anasamukira ku Denmark, Lewis anamwalira mu 1990, koma otsalawo anapitiriza pansi pa dzina la Vanguard Jazz Orchestra. Ambiri mpaka lero amaphunzitsa nyimbo kapena kuyimba kwina masiku enawo, kuthamangitsa maganyu monga timachitira tonse kuno.

Chondidandaulitsa n'chimodzi: nyimbo zinabadwira kuvina, koma mu Village Vanguard mulibe ndi pokhotera pomwe. Ukalankhula mokweza nyimbo ili m'kati, oyandikana nawe amakuyang'ana ndi diso lofiira.