iSCSI: seshoni ziwiri, kapena imodzi ya makonekishoni awiri?

Anzanga osamala maseva, nkhani iyi tinatsutsana pa chiwaya ku Area 25 mpaka tchipisi chinazizira, ndiye ndati ndiilembe bwinobwino. Ku ofesi kwathu ku City Centre tili ndi seva ndi bokosi la madisiki, zolankhulana pa iSCSI (njira yoti seva igwiritse ntchito madisiki kudzera pa netiweki) pa poti 3260. Chilichonse chili ndi makhadi awiri a 1 gigabit. Timafuna kuti zingwe zonse ziwiri zizinyamula katundu, ndipo china chikaduka ntchito isaime.

Ambiri amathamangira LACP, kumanga zingwe ziwiri mtolo umodzi pa switch. Nanenso ndinayambira komweko, ndipo sabata yathunthu inapita pachabe. LACP imaika konekishoni iliyonse ya TCP pa chingwe chimodzi, siigawa pakati. Liwiro linangokakamira cha m'ma 110 MB pa sekondi, kanyali ka chingwe chachiwiri kakungophethira ngati mlonda wosinza. Isiyeni.

Mpikisano weniweni uli pa njira ziwiri. Yoyamba ndi MC/S: seshoni imodzi (kulumikizana kwa seva ndi bokosi la madisiki), makonekishoni angapo a TCP m'kati mwake. Ili mu chikalata cha malamulo a iSCSI, RFC 3720 ya 2004, ndipo inalowanso mu RFC 7143 ya 2014. Lamulo lililonse lopita ku disiki limakhala ndi nambala yake, CmdSN, kotero ngakhale malamulo adutse zingwe zosiyana, target (bokosi la madisiki lija) imawagwira motsata ndondomeko. Disiki imaoneka imodzi basi. Papepala n'zokoma. Koma MaxConnections, malire a makonekishoni mu seshoni imodzi, imayambira pa 1, ndipo mbali ziwiri zikamagwirizana, nambala yaing'ono ndiyo imapambana. Windows imaitha MC/S, koma open-iscsi ya pa Linux ayi, ESXi ya VMware nayonso ayi. Ndiye mukakhala ndi makina osakanikirana, monga zilili m'maofesi athu momwe chilichonse chinabwera ndi pulojekiti yake, MC/S ikusiyani panjira.

Yachiwiri ndi seshoni zingapo pakati pa initiator (seva) ndi target omwewo, pamwamba n'kuika multipath, pulogalamu yophatikiza njira zonse zopita ku disiki imodzi. Seshoni iliyonse imakhala ndi nambala yakeyake yotchedwa ISID, ndiyo imaisiyanitsa ndi inzake. Multipath ya pa Linux ndi dm-multipath, ya pa Windows ndi MPIO. Ine ndili mbali iyi, koma ili ndi minga yake.

Munga woyamba: musanaike multipath, disiki imodzi imaoneka kawiri, sdb ndi sdc. Mnyamata wina amene ankaphunzira ntchito kwathu anasangalala kuti tapeza disiki yaulere, dzanja lili kale pa kiyibodi kuti aichite format. Ndinamugwira mkono. Muli mafayilo a malipiro a anthu mmenemo! Mukaika multipath, gwiritsani ntchito dzina la disiki la mu /dev/mapper lokha, ndipo lembani multipath -ll muone ngati njira zonse zili zamoyo.

Wachiwiri ndi nthawi yodikira. Pa open-iscsi, replacement_timeout imabwera ili pa masekondi 120. Chingwe chikaduka, makina amatha kukhala duu mphindi ziwiri asanatumize katundu ku njira ina, a ku akaunti ali pakhomo panu. Pokhala ndi multipath, itsitseni ifike pa 5. Kwa inu a ma cluster (maseva angapo ogawana disiki imodzi), kumbukiraninso kuti seshoni iliyonse ndi njira payokha, ndiye persistent reservation, loko yonena seva yololedwa kugwiritsa ntchito disiki, iyenera kulembetsedwa pa njira zonse. Imeneyi ndi ntchito ya pulogalamu ya mpathpersist.

Chomwe chinandikhutiritsa ndi tsiku lomwe magetsi anathima masana. Zingwe tinaziika pa ma switch awiri, chilichonse ndi subnet yake. UPS ya switch imodzi inali ndi batire lotha, ndipo inazima jenereta isanalire. Seshoni imodzi inafa, inayo inanyamula zonse, ndipo palibe amene anaimba foni. Batire lija tinagula mawa lake ku Old Town.