Nazale ya pamsewu wa ku Thyolo: mitengo ndidzagulanso, anapiye ayi

Ndadikira zaka zitatu ndisanalembe za nazale imeneyi, chifukwa mbande sungaiyamikire ikadali m'chubu. Zonse zimaoneka zabwino zikangothiriridwa m'mawa, masamba ali biriwiri. Wogulitsa mitengo umamudziwa tsiku limene waluma chipatso choyamba. Ine ndaluma, tsono ndilankhule.

Nazaleyi ili m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo, usanafike pamsika wa Bvumbwe. Mukamathamanga pagalimoto mutha kuipitirira, chifukwa palibe chokopa maso: chisakasa cha udzu, machubu akuda ondandalikidwa pansi, mgolo wa madzi, ndi kakhola ka waya kuseri. Dera limeneli anthu odziwa za mitengo ya zipatso ndi ambiri, poti siteshoni ya boma yofufuza za ulimi wa zipatso ndi ndiwo zamasamba ili komweko. Mwini wa nazaleyi ndi bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, amene mpeni wake suchoka m'thumba la malaya.

Ndinafikapo koyamba mu Disembala 2021, mvula itangokhazikika. Ndinapita ndi mtima wogula mitengo ya mango isanu ndi umodzi. Asanandionetse chilichonse anandifunsa kuti, "Mayi, kuseri kwa nyumba kwanuko n'kwakukulu bwanji?" Nditawafotokozera za kapuloti kanga ka ku Machinjiri, kamene kali ndi bafa, chimbudzi ndi chingwe choyanikapo zovala, anapukusa mutu. "Iwiri basi. Mukadzala isanu ndi umodzi, pakatha zaka zisanu mudzandipeza ndi nkhwangwa." Wamalonda wokana ndalama ndinali ndisanamuonepo, ndipo ndicho chinandigwira mtima.

Kenaka anatola mbande imodzi n'kundionetsa chipsera cha pathunthu, pamene panali pomangidwa ndi kapulasitiki. Pansi pa chipseracho ndi mango athu omwewa, omera kunthanga, olimba ku chilala ndi dothi lathu. Pamwamba pake ndi kanthambi kodula ku mtengo wa mtundu umene ukufunawo. Anati mbande iliyonse yopanda chipsera chotero ndisamalipire mtengo wa yomezanitsa, olo wogulitsayo alumbire motani. Anandichenjezanso za mphukira zotuluka pansi pa chipsera: zimakula mwachangu kuposa nthambi yomezanitsayo, ukazilekerera zimalanda mtengo wonse, n'kudzapezeka kuti wasamalira kalisere kwa zaka zitatu uli ndi chikhulupiriro chakuti ndi mango achizungu a mtundu wa Kent. Phunziro limeneli lokha linali loyenera ndalama ya minibasi.

Ndinatenga mitengo iwiri ya mango, Tommy Atkins umodzi ndi Kent umodzi, mapeyala umodzi umene anati ndi Hass, nachesi, ndi mbande zitatu za mapapaya. Mitengo ya tsikulo sindiitchula, ingakusocheretseni, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo kuchokera pamenepo chilichonse chinasintha. Ndingonena kuti mbande yomezanitsa inali yokwera kangapo kuposa wamba, ndipo sananene zambiri pa nkhani yotsitsa.

Ndinachita monga anandiuzira. Dzenje lofika m'bondo, dothi lapamwamba pambali pake, kusakaniza ndi manyowa owolerana, kung'amba chubu osasokoneza dothi la kumizu, ndipo chipsera chija chikhale pamwamba pa nthaka osati kukwiriridwa. Chaka choyamba Tommy anatulutsa maluwa ali wamfupi kuposa mdzukulu wanga. Kuwathothola kunandipweteka mtima, koma ndinathothola, poti kamtengo kotero kakabereka kamapinimbira.

Mango oyamba enieni tinadya mu Disembala 2024. Tommy anayamba, ofiira ngati apakidwa utoto, moti ana a pamzere wathu anayamba kundipatsa moni kawiri patsiku. Ndinene mosabisa: Tommy ndi wokongola kuposa kukoma kwake. Ali ndi tiulusi pang'ono, shuga wake ndi wapakatikati, koma sachedwa kugulidwa ndipo amakhalitsa osawola. Kent ndiye mango. Amapsa mochedwerapo, anzake atatha kale pamsika, ndipo khungu lake limakhalabe lobiriwira, moti wosamudziwa amamusiya akuganiza kuti ndi muwisi. Umamudziwa pomudina ndi chala. Mkati mulibe ulusi ngakhale umodzi, umachita kudya ndi supuni. Amuna anga, amene anakulira pa boloma ndipo ankati mango achizungu ndi madzi okhaokha, masiku ano amawerenga zipatso za Kent madzulo aliwonse ngati ndalama za kubanki.

Mapapaya awiri anawola mizu ndi mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi anaima kuseri kwa nyumba masiku angapo. Izo sindingawanene nazo bambo aja. Lachitatu linapezeka lalimuna, maluwa okhaokha olendewera. Mapapaya omera kunthanga amatero, n'chifukwa chake anandiumiriza kutenga atatu. Nachesi ikukula mwa ulesi koma ili moyo.

Pamapeyala ndi pamene ndili ndi dandaulo. Hass ndi kachipatso kakang'ono, khungu lokhakhala, kakapsa kamada. Mtengo wanga wabereka zipatso zazitali, zosalala, zobiriwira mpaka kupsa, zimene aliyense wodziwa akuti ndi Fuerte. N'zokoma ndithu, tikudya ndi buledi. Koma si zimene ndinagula. Vuto la nazale imeneyi ndi lakuti pambande palibe cholembedwa chilichonse. Mitundu yonse ili m'mutu mwa mwiniwake: mzere uwu ndi uwu, mzere uwo ndi uwo. Tsiku limene mnyamata wothirira wasuntha machubu, basi zasokonekera, ndipo wogula adzadziwa pakatha zaka zitatu kapena zinayi.

Tsopano za nkhuku. Kakhola ka kuseri kaja amasungiramo anapiye a mikolongwe, nkhuku zakuda zija zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp, ife tinangozitcha dzina la famu ya boma ya ku Chiradzulu kumene zinkachokera. Nditabwererako mu Meyi 2022 kukafunsa za chiswe chimene chinkazungulira nachesi, ndinakopeka n'kugula khumi ndi awiri a masabata asanu ndi limodzi. Maganizo anga anali abwino: nkhuku zindipatse zitosi za mitengo, mitengo izipatse mthunzi.

Amene amaona za nkhuku pamenepo si bambo aja, ndi mphwawo, ndipo kusiyana kwake kumaonekeratu. Anangolowetsa dzanja n'kumagwira amene wayandikira, kuponya m'katoni. Nditapempha kuti misoti ichuluke anati, "Zonsezi n'zazikazi, mayi, musadandaule." Pa khumi ndi awiriwo, asanu ndi atatu anadzakhala atambala. Munthu wogulitsa nkhuku tsiku lililonse sangalephere kuona lipombo la tambala pa msinkhu umenewo.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi katemera. Ndinafunsa ngati analandira, anati inde, zonse zinatheka. Sanawonjezerepo liwu lina. Ine ndinamva ngati nkhani yatha mpaka kalekale. Mu Okutobala, dzuwa litafika poswa mtengo, chitopa chinalowa m'dera lathu. M'mawa wina ndinapeza tambala mmodzi wavala jekete, mapiko ali pansi, akuodzera pakona. Madzulo ake zitosi zobiriwira khola lonse. Tsiku lachitatu msoti wina khosi linapotoka, ukungozungulira pamalo amodzi. Ndinayesa zonse zimene anthu amanena, tsabola m'madzi, khonje, makapisozi ogula pagolosale. Chitopa sichimva mankhwala, ndi kachilombo kamene ukachedwa kukatchinga kamangodutsa. Pasanathe sabata ndi theka ndinakwirira nkhuku zisanu ndi ziwiri.

Amene anandimasula maso ndi alangizi a ziweto a m'dera lathu. Katemera wa chitopa amatha mphamvu, amafunika kubwereza pakatha miyezi inayi iliyonse, katatu pachaka. Alipo wotchedwa I-2, wopangidwa konkuno ku labotale ya boma ya za ziweto ku Lilongwe, wodontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuyambira mwanapiye mpaka tambala wamkulu. Sufuna jakisoni, ndipo umapirira kutentha kuposa akatemera ena, ngakhale suyenera kusiyidwa padzuwa. Amaperekedwa kwa nkhuku zathanzi, matenda asanafike. Mawu amenewa sangatenge mphindi imodzi kunena. Wogulitsa anapiye akanandiuza pondipatsa katoni ija, bwenzi nkhuku zanga zilipo. Panopa ine ndi amayi anayi oyandikana nawo timasonkherana kabotolo kamodzi, poti madontho ake ndi ochuluka kuposa nkhuku za khomo limodzi, ndipo nkhuku za mnansi zikapanda kulandira zako nazonso zili pangozi.

Zisanu zimene zinapulumuka sindinganyoze. Misoti itatu mwa izo imaikira mazira aakulu, ofiirira, ochuluka kuposa a nkhuku zathu zachikuda, bola uziwonjezera chakudya. Ukazisiya kuti zidzionere zokha ndi madeya pang'ono, zimaleka. Kufungatira ndiye zanga sizifuna n'komwe, zimaikira n'kuchokapo ngati alendo. Ndinachita kugula thadzi lachikuda kwa apongozi kuti lizigwira ntchito imeneyo, ndipo anapiye osakanizawo ndi amene adzaza khola tsopano.

Nkhuku ndi mitengo pamalo amodzi zimayanjana, koma osati poyambirira. Udzu umene ndinaphimbira patsinde pa Kent unali ngati ndaziitanira phwando, zinapalasa mpaka timizu kuonekera. Ndinachita kuzinga mtengo uliwonse ndi timitengo ta nsungwi. Zitosi zaziwisi nazonso zinandiwotchera masamba a nachesi, ndiye masiku ano ndimaziunjika pakona pamodzi ndi zinyalala za m'khola kwa miyezi iwiri kapena itatu ndisanathire. Mitengo itakula, phindu linayamba kuoneka. Mango akagwa ali ndi mphutsi za ntchentche za zipatso, nkhuku zimawathamangira mphutsizo zisanalowe m'dothi, ndipo masana zimabisala pansi pa masamba kabawi akamazungulira.

Mwezi wathawu ndinanyamula peyala limodzi m'chikwama n'kupita nalo kwa bambo aja. Analitembenuza kawiri, kukanda khungu ndi chikhadabo, n'kuti, "Apa ndiye tinakulakwirani, mayi." Sanakangane nane. Alonjeza kubwera kwathu nyengo yake ikakwana kudzamezanitsa nthambi za Hass pamtengo womwewo, kuti ubereke mitundu iwiri, ine ndingowalipirira ulendo. Za anapiye nditatchula anangoyang'ana kumene kunali mphwawo n'kuusa moyo. Ndinagula ndimu imodzi, ndipo ndisanachoke ndinatulutsa cholembera changa n'kuwapempha kuti alembe okha dzina lake pachubu.