GCC, Clang, MSVC kapena TCC: compiler ya C iti yoyenera kompyuta yanu?

Masiku ano palibe chifukwa chogulira compiler ya C, pulogalamu yosandutsa zimene mwalemba m'chilankhulo cha C kukhala pulogalamu yoti kompyuta iyendetse. Zinayi zonsezi n'zaulere. Ndalama zimathera pa bandulo ya intaneti yozikokera ndi malo a pa disiki, ndipo m'pamene zimasiyanirana kwambiri.

GCC ndi yakale ndithu. Richard Stallman anaitulutsa mu 1987, ndipo Linux yakhala ikumangidwa nayo kuyambira pachiyambi. Pa Ubuntu, womwe ndi mtundu wa Linux, mungolemba sudo apt install build-essential mu terminal (polembera malamulo a kompyuta), basi mwayamba ntchito. Pa Windows imabwera ngati MinGW-w64. Mungaiike kudzera mu MSYS2, koma ine ndimakonda w64devkit chifukwa sifuna kuinstola: munthu mmodzi akaikoka, anzake onse amangoikopera pa flash n'kuyamba kulemba. Kwa wophunzira wokhala ndi laputopu yakale, zimenezi n'zofunika kwambiri. Code::Blocks nayonso ili ndi mtundu wobwera ndi MinGW kale m'kati, ngati mukufuna polembera ndi compiler pamodzi.

Clang, ya pulojekiti ya LLVM, inatuluka mu 2007. Mukalakwitsa, imakulozerani mzere ndi malo enieni pamene pavuta, m'mawu osavuta kumva. GCC nayo yawongolera kwambiri pambali imeneyi, koma woyamba kumene amapindulabe ndi Clang. Amene muli ndi Mac musavutike kusankha, kulemba xcode-select --install mu terminal kukupatsani Clang.

MSVC ya Microsoft imabwera ndi Visual Studio Community, yaulere kwa munthu wolemba payekha. Debugger yake, chida chofufuzira zolakwika m'pulogalamu, ndi yabwino zedi, koma kukoka Visual Studio kumadya ma GB angapo, ndipo pa kompyuta ya RAM yochepa imayenda mokwawa. Chidwi cha Microsoft chinali pa C++ kwa zaka zambiri, moti C11 ndi C17, mitundu yatsopano ya C yovomerezeka, zinalowamo mu 2020. Ngati simukulemba mapulogalamu a Windows okha, bandulo yanu isathere pamenepa.

TCC ya Fabrice Bellard ndi kakang'ono kwambiri ndipo imamanga pulogalamu m'kanthawi kochepa, kungoti pulogalamuyo siithamanga ngati ya GCC, komanso machenjezo ake ndi ochepa. Ndi yabwino poyesera timizere tochepa.

Turbo C ya nthawi ya DOS isiyeni, imakuzoloweretsani conio.h ndi zina zimene sizili mu C yovomerezeka. Pa Windows yambani ndi GCC, ndipo nthawi zonse muzilemba -Wall -Wextra pa lamulo la gcc kuti izikuchenjezani pulogalamu isanagwe.