Maphunziro a kadyedwe ka osewera pa Ngabu: tinatola nzeru magetsi atazima

Ndakhala kochi wa timu ya anyamata kwathu kuno ku Ngabu kwa zaka 7, koma nkhani ya chakudya ndinkangoithera m'mawu awiri: "Anyamata, mukadye, mawa kuli gemu." Ndiye nditamva kuti kukubwera mayi wina wa ku Blantyre, katswiri wa kadyedwe, kudzaphunzitsa makochi a mpira wamiyendo ndi wamanja tsiku limodzi pa K5,000 munthu mmodzi, ndinalipira ya awiri, ine ndi kaputeni wanga. Linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa ngolo.

Chigawo cha m'mawa sichinandigwire mtima. Mayiwa anaonetsa pakhoma zithunzi za azungu othamanga, mawu ake ndi aja a glycogen ndi electrolytes, ife tili phee ngati tili pamaliro. Mdala wina wa ku Bangula amene ndinakhala naye pafupi anayamba kusinza. Cha m'ma 11 koloko magetsi anazima, ndipo kunena zoona mphunzitsi weniweni tinamuona nthawi imeneyo.

Anatseka laputopu, natifunsa kuti, "Makochi, kwanu muli ndi nkhokwe?" Anati thupi nalo lili ndi nkhokwe yake m'minofu ndi m'chiwindi, mmene limasunga mphamvu zochokera ku nsima, mbatata, mpunga, nthochi ndi thobwa. Glycogen uja ndi zimenezo basi. Vuto lake nkhokweyo ndi yaing'ono, mpira wa mphindi 90 umatha kuipungula kwambiri, n'chifukwa chake mnyamata amene amauluka chigawo choyamba amayamba kukoka miyendo kumapeto. Imadzazidwa kuyambira dzulo lake, ndipo chakudya chachikulu chidyedwe kukadali maola 3 kapena 4 gemu isanayambe. Apa ndinadziona kulakwa kwanga. Anyamata anga ambiri amachokera kudimba kapena kobusa ng'ombe, ndipo timawapatsa nsima ya mapira ndi mlamba kutatsala ola limodzi. Ndimadabwa akamadandaula m'mimba, ndikumati ndi mantha.

Chimene sindidzaiwala ndi sikelo. Madzulo anatenga sikelo yoyezera anthu, kuyeza anyamata anayi, kenako kuwauza kuti asewere ola limodzi monga amachitira masiku onse. Kaputeni wanga analowa ndi makilogalamu 62, anatuluka ndi 60.5. Mayiwa anati kilogalamu iliyonse imene yachoka ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta, ndipo munthu akataya kupitirira 2 peresenti ya kulemera kwake, liwiro ndi maganizo zimayamba kutsika. Kwa mnyamata wa makilogalamu 62 malirewo ali pa kilogalamu imodzi ndi pang'ono, ndiye iye anali atadutsa kale. Pobwezera, amwe pang'onopang'ono lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse yotayika, osati kugugudiza chigubu chonse kamodzi. Anatisonyezanso mizere yoyera pa jezi yake n'kunena kuti, "Uwu ndi mchere, nawonso ubwerere." Ma electrolytes aja anali amenewo. Kwa amene alibe sikelo anati ayang'ane mkodzo m'mawa: ukakhala wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, madzi achepa. Anyamata anaseka mpaka kugwa, koma mpaka lero amakumbutsana.

Pa zomanga thupi anadutsa mwachangu. Gemu ikatha, magalamu pafupifupi 20 a protein, dzira limodzi lili ndi 6, ndipo matemba, nandolo, khobwe, mtedza ndi mkaka zimagwira ntchito yomweyo. Zakumwa za m'zitini zimene anyamata amati zopatsa mphamvu anati muli shuga ndi caffeine, sizilowa m'malo mwa madzi kapena nsima.

Funso labwino kuposa onse linachokera kwa mayi wina wophunzitsa netibo ku Nsanje, amene anati atsikana ake ena amachita chizungulire ndi kutopa msanga. Yankho linandikhutiritsa chifukwa sanathamangire kugulitsa mankhwala. Anati atsikana amataya iron, mchere wothandiza kupanga magazi, mwezi ndi mwezi, choncho adye chiwindi, nyama, nyemba ndi bonongwe, asamamwere tiyi pa chakudya chifukwa amatchinga iron kulowa m'thupi, koma madzi a malambe amathandiza popeza muli vitamini C wambiri. Anawonjezera kuti kuno malungo ndi likodzo nazonso zimachepetsa magazi, ndiye mtsikana wotere apite kaye kuchipatala akayezetse. Malambe amene ana amangoponderera m'njira, ine sindinkawawerengera n'komwe.

Zodandaula zilipo. Pepala limene anatigawira lili m'Chingerezi chokhachokha, ndipo muli oats, pasta ndi yogati, zinthu zimene iye mwini sanazitchule atatseka laputopu. Mapira, mchewere ndi nsomba za makakana za ku dambo la Elephant Marsh mulibemo. Chakudya cha masana chinali chakumwa cha shuga ndi bisiketi, pa maphunziro a kadyedwe! Koma chachikulu ndi ichi. Ndinaimirira n'kufunsa kuti, "Mayi, nanga mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mnyamata amadya kamodzi patsiku, ndimuuze chiyani? Ena mwa anyamatawa mabanja awo sanadzukebe chiwakokolereni madzi a namondwe Freddy mu 2023." Anakhala kaye chete, kenako anati masiku otero tichepetse kulimba kwa pulakatisi, ndipo timu izisonkha ufa wa phala. Sanandinamize, ndikuvomereza, koma zinaoneka kuti funsoli sanalikonzekere, pomwe kuno ndi limene limayamba.

K10,000 yanga sindikuilira. Akadzabweranso ndidzatumiza wondithandizira ndi amayi awiri amene amatiphikira, chifukwa nthawi ya chakudya amaidziwa ndi iwowo. Ndidzangopempha okonza kuti projekita aisiye ku Blantyre.

Sabata yotsatira ndinagula sikelo yogwiritsidwapo kale ntchito pa msika wa Nchalo. Tsopano gemu ikakhala ya 3 koloko, nsima imapakulidwa 11:30, ndipo goloboyi wathu, amene amatuluka thukuta pang'ono kuposa onse, wayamba kudandaula kuti anzake akumalandira thobwa lambiri kuposa iye.